Nyimbo imodzi sachezera gule

Kambaleko n'kakang'ono, mainchesi 7 basi, ndipo pakati pake pali chibowo chachikulu monga zinkakhalira mbale za galamafoni zochokera ku America. Pozungulira chibowocho pamayenera kuoneka kapepala konena dzina la woimba, mutu wa nyimbo ndi kampani imene inajambula. Pa mbale iyi kapepalako sikakuoneka. Mwini wake wadula pepala loyera mozungulira, walimata pamwamba, n'kulembapo ndi bolopeni dzina la munthu amene sanaimbe nyimboyo. Ndi bodza la dala, ndipo ambiri m'holomo akudziwa kuti ndi bodza. Anyamata angapo aunjikana kutsogolo kwa nsanja, akusuzumira mbale ikuzungulira, mitu yawo ikuzungulira nayo, kuti mwina pepala likhala litafunyuluka penapake aone ngakhale mtundu wa kapepala kapansi. Kumbuyo kwawo anthu oposa 1,000 alibe nazo ntchito. Akuvina.

Uku ndi ku Wigan Casino, mumsewu wa Station Road, m'tauni ya mafakitale ndi migodi ya malasha pakati pa Manchester ndi Liverpool, m'zaka za m'ma 1970. Nthawi ndi cha m'ma 4 koloko m'bandakucha wa Lamulungu. Mowa sagulitsa muno. Mchezo wa pano unayamba pa 23 September 1973, ndipo poyambapo zitseko zinkatsekulidwa 2 koloko usiku, gule n'kutha 8 koloko m'mawa. Munthu amene waika singano pa mbale ija saimba, saliza gitala, sanapekepo nyimbo. Komabe ine ndimamuwerengera m'gulu la amisiri a nyimbo, ndipo umisiri wake wonse ndi wobwereka.

Dzina la nyimbo za muno, lakuti northern soul, limasocheretsa. Nyimbozi si za kumpoto kwa England ayi. Zambiri anaimba ndi anthu akuda a ku America, a ku Detroit, Chicago, Los Angeles, New York ndi Philadelphia, cha pakati pa zaka za m'ma 1960. Chakumpoto ndi makutu amene anazitola. Dave Godin, amene ankalemba m'magazini ya Blues & Soul komanso anali ndi sitolo ya mbale yotchedwa Soul City ku London, anaona kuti achinyamata ochokera kumpoto, ambiri obwera kudzaonera mpira, sankafuna nyimbo za funk zimene zinali m'fasho. Ankafunsa zakale, zothamanga, za kamvekedwe ka kampani ya Motown. Cha mu 1970 iye anazipatsa dzinali, ndipo linakakamira. Gule ameneyu anakulira ku Twisted Wheel ku Manchester, kalabu imene inatsekedwa mu 1971, n'kusamukira ku Golden Torch ku Tunstall, nayonso n'kutsekedwa mu 1973. Konsekonse apolisi ndi akhonsolo ankadandaula za mapiritsi oletsa tulo amene ovina ambiri ankameza kuti afike m'mawa, ndipo sankanama.

Koma kubwereka kunayamba mbalezi zisanawoloke nyanja.

M'nyimbo zambiri za nthawi imeneyo, pa masitepe anayi alionse ng'oma yapakati ija yolira mokhadzula imamenya kawiri, pa lachiwiri ndi pa lachinayi. Ku Motown, m'nyimbo ngati "I Can't Help Myself" ya Four Tops ndi "Uptight" ya Stevie Wonder, zonse za mu 1965, mtima wa nyimbo umagunda pa onse anayi, osapumira. Maseche ali pamwamba, besi ikuyendayenda pansi, mavayolini akukwera, ndipo penapake pakati sakisofoni wamkulu wa mawu okhuthala amabangula pang'ono n'kukhala chete. Kamenyedwe kameneka kanabweretsa ndalama zochuluka kwa Berry Gordy, mwini Motown, moti aliyense amene anali ndi madola ochepa ndi msuweni woimba bwino kutchalitchi anafuna kulawako. Timakampani tinabuka ngati bowa. Tina tinkatulutsa mbale ziwiri zokha n'kufa.

Chosangalatsa n'chakuti ku Detroit sankangobwereka kamvekedwe. Ankabwereka ndi manja omwe. Oimba zida a mu situdiyo ya Motown, amene ankadzitcha Funk Brothers, anthu ngati James Jamerson wa besi ndi Benny Benjamin wa ng'oma, akaweruka masana ankazemba usiku kukagwira ganyu ku Golden World ndi Ric-Tic, makampani a Ed Wingate. Gordy akawagwira ankawalipiritsa, ndipo pamapeto pake anangogula makampaniwo. Choncho mbale imene munthu angaitche yotsanzira Motown nthawi zambiri inalizidwa ndi zala zomwezo, kungoti mofulumira, usiku, ndalama za situdiyo zili pafupi kutha. Liwiro limenelo limamveka. Pali kaukali kena, kosasalazidwa, kamene ku Motown akanakapala ndi mpeni nyimbo isanatuluke.

Ndipo popeza kulemba ganyu gulu la mavayolini kunali kodula, tepi imodzi ya zoimbira inkagwira ntchito kangapo. Mverani "Festival Time" ya San Remo Golden Strings, yopanda mawu, kenako mumvere "To Win Your Heart" ya Laura Lee, zonse za ku Ric-Tic. Ndi nyumba imodzi, kungoti mu inayo mwalowa munthu. Chimodzimodzi "Bari Track" ya Doni Burdick ndi "I Miss My Baby" ya Rose Batiste. Ovina a ku England anakonda zonse, ndipo DJ wochenjera ankadziwa kuti mapazi akazolowera imodzi, inayo yapeza kale khomo lotsekula.

Zambiri mwa mbalezi sizinagulidwe. Wailesi sizinaziulutse, masitolo anazibweza, zinakaunjikidwa m'nyumba zosungira katundu. Izi ndi zimene achinyamata a ku Lancashire ndi Staffordshire anapita kukafukula patapita zaka 7, 8 kapena 10. Ian Levine, mnyamata wa ku Blackpool wa makolo opata, ankapita nawo kutchuthi ku Miami, ndipo anzake ali kunyanja iye anali m'sitolo ya kaunjika kusanthula mbale zikwizikwi. John Anderson wa ku Soul Bowl, ku King's Lynn, ankaitanitsa zodzaza makontena. Kuona maso a nkhono n'kudekha: munthu ankaika singano pa mbale 100 kuti apeze imodzi, ndipo pa iliyonse ankayenera kumvera mbali zonse ziwiri, chifukwa nthawi zambiri chuma chinali kuseri, kumene eni ake anangoikako nyimbo yodzazira malo.

Ndi mmene zinayendera ndi "Tainted Love." Anailemba ndi Ed Cobb, anaimba ndi Gloria Jones, mtsikana wokulira m'kwaya amene ankaimba nyimbo za uzimu limodzi ndi Andraé Crouch ndi Billy Preston. Inatuluka mu 1965 ku kampani ya Champion, kuseri kwa mbale imene kutsogolo kwake kunali "My Bad Boy's Comin' Home," ndipo mbali zonse ziwiri zinangofera m'mazira. Mu 1973 DJ Richard Searling anaipeza pa ulendo wake wa ku Philadelphia, n'kuyamba kuiliza ku Va Va, kalabu ya ku Bolton, kenako ku Wigan.

Ndaimverapo kambirimbiri kufuna kudziwa chimene Searling anamva pa masekondi oyamba aja. Nyimboyi siifika ngakhale mphindi 2 ndi theka. Ilibe malonje: gitala ndi besi zimalowa zikuthamanga kale. Mawu a Jones akafika pakati pa mzere amaima mwadzidzidzi, ndipo pa kampata kameneko zoimbira zimamenya kawiri, pha pha, mawu n'kupitiriza. M'chipinda chogona, pa kawailesi, timikwingwirima tiwiri timeneto ndi kakometsero chabe. Koma munthu woganizira holo yaikulu ya pansi pa matabwa amamva china. Amamva malo amene asiyidwa kuti manja 2,000 aombe nthawi imodzi. Amene anaonera filimu ya Wigan Casino imene Tony Palmer anajambulira wailesi ya kanema ya Granada mu 1977 akudziwa kuomba kumene ndikunena. Palibe wotsogolera, palibe wopereka chizindikiro, koma kumagwa ngati chitseko chimodzi chachikulu chamenyetsedwa. Kuomba koteroko kulibe pa mbale iliyonse. Ndi chida chimene holo inawonjezera, ndipo luso la DJ linali kumva pasadakhale kuti nyimbo iyi ili ndi pokoleka chida chimenecho.

Pa nsanja penipeni ntchito inali yooneka yophweka, mpaka wachinyamata wa lero wozolowera DJ wa pa laputopu angaseke. Magalamafoni awiri, maikolofoni imodzi, bokosi la mbale. Panalibe kulumikiza nyimbo kuti ina ilowe mwa inzake mosadukiza. Zimenezo zinali kukula ku New York, kuno zinadza mochedwa. Nyimbo inkalira kuyambira poyamba mpaka kuzilala, ovina n'kuombera m'manja ngati ayikonda, DJ n'kutchula dzina la yotsatira, loona kapena labodza, singano n'kutera. Kampata ka masekondi angapo kameneko ndiye bwalo la milandu. M'kalabu ya nyimbo zolumikiza, thupi limangotengeka ndipo nyimbo yofooka imadutsa itabisala kumbuyo kwa inzake. Kuno nyimbo iliyonse inkayamba pa zii. Wovina aliyense ankavina yekha, wopanda womugwira m'chiuno, ndipo ankaweruza ndi mapazi: kukhala pabwalo kapena kupita kukakhala pansi. DJ amene wapatsidwa ola limodzi anali ndi milandu yoposa 20 yoti apambane motsatizana.

Nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo apa mwambiwu unali lamulo la ntchito. Gulu linkafuna zinthu ziwiri zotsutsana. Linkafuna nyimbo imene silinamvepo, chifukwa ndi chimene anthu anakwerera sitima kuchokera ku Scotland ndi ku Midlands. Nyimbo yopezeka m'sitolo iliyonse akanaimvera kwawo. Koma mapazi savina bwino chimene sakuchidziwa. Wovina amene akufuna kuzungulira ngati nguli, kudzigwetsa chagada n'kudzuka, kapena kuponya mwendo m'mwamba, amasungira zimenezo pamene mawu apumira n'kutsala ng'oma ndi malipenga, ndipo ayenera kudziwa kuti malowo afika liti. Choncho kulowetsa nyimbo yatsopano kunali ngati kulowetsa mlendo m'mudzi: samubweretsa yekha. Umaika yodziwika patsogolo, bwalo lidzaze, thukuta lituluke, mlendo pakati, ina yokondedwa pambuyo kuti amene anathawa abwerere. Sabata yoyamba bwalo likhoza kutsala ndi anthu owerengeka, ena onse ali m'mbali manja m'chiuno. Apa ndi pamene pamaonekera mtima wa DJ. Wamantha amaibweza m'bokosi osaitulutsanso. Wokhulupirira makutu ake amailizanso Loweruka lotsatira, ndi linalo, mpaka tsiku lina anthu athamangira pabwalo atangomva kulira koyamba kwa besi.

N'zodabwitsanso kuti mawu akuti yatsopano ndi yakale anatembenuzidwa. Mbale ya mu 1966 imene yangofukulidwa kumene inali yatsopano. Imene inavinidwa chaka chatha ku Torch inali yakale, ngakhale zonse zinajambulidwa mwezi umodzi. Zaka za nyimbo zinkawerengedwa kuyambira tsiku limene inalira koyamba m'holo ya ku England. Zakalezo zinapatsidwa chipinda chawochawo ku Casino, chotchedwa Mr M's.

Tibwerere ku pepala lomata lija. Eni ake ankalitcha cover-up. Chifukwa chake n'chosavuta: DJ ankalembedwa ntchito chifukwa cha zimene zili m'bokosi mwake zokha. Dzina lenileni likadziwika, ogulitsa ankatumiza uthenga ku America, mbale zina n'kupezeka, kapena choipa kwambiri, akuba n'kudinda zachinyengo zambirimbiri, pofika mwezi wamawa aliyense ali nayo. Nzeru yobisayi nayonso si iwo anayamba. Ku Jamaica m'zaka za m'ma 1950 Coxsone Dodd anapala kapepala ka "Later for the Gator" ya Willis Jackson n'kuitcha "Coxsone Hop," ndipo mdani wake pa malonda, Duke Reid, anatha zaka akuisakasaka.

Bodza lotchuka kuposa onse ndi la "Do I Love You," ya Frank Wilson. Wilson anaijambula mu 1965 ku Los Angeles, ku nthambi ya Motown, ndipo inayenera kutuluka pa chizindikiro cha Soul. Isanatuluke, anagwirizana ndi Gordy kuti iye akhale wopeka ndi wojambulitsa nyimbo za ena m'malo moimba yekha. Pambuyo pake ndiye anakonza "Stoned Love" ya Supremes ndi "Keep On Truckin'" ya Eddie Kendricks. Mbale zochepa zimene zinadindidwa zinawonongedwa, kupatula zowerengeka pa zala za dzanja limodzi. Patapita zaka zoposa 10 imodzi inatuluka m'nkhokwe ya Motown n'kufika m'manja mwa Simon Soussan, wogulitsa mbale amene anachoka ku Leeds kukakhala ku Los Angeles. Makope anafika ku England liwiro lake litakwezedwa pang'ono, atalembedwa dzina la Eddie Foster, woimba weniweni amene ovina ankamudziwa kale chifukwa cha nyimbo ina. Ngakhale dzina labodzalo linali lobwereka! DJ Russ Winstanley anailiza ku Wigan, ndipo holo inapenga. Choonadi chitadziwika, Motown inaitulutsa movomerezeka ku Britain mu 1979. Mu 2009 imodzi mwa mbale zoyambirira zija inagulidwa pa mapaundi 25,742.

Pano kusilira kwanga kumatsimphina pang'ono. Wilson sanavutike, anali ndi dzina lake kale. Koma taganizirani mayi amene anaimba mbale imodzi yokha ali ndi zaka 19, n'kubwerera kukagwira ntchito m'fakitale ku Detroit akukhulupirira kuti analephera, pamene kutsidya la nyanja anthu 1,000 akuombera m'manja mawu ake pansi pa dzina la munthu wina. Ndalama za mbale zachinyengo sizinamufike. Ngakhale uthenga wakuti nyimbo yako ikukondedwa sunamufike, chifukwa pepala lija linatseka njira imene ukanadzera. Amene anapulumutsa nyimbo ku dzala ndi yemweyo anabisa mwini wake. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo sindikuona kuti china chikufafaniza chinzake.

Kubwereka kuli ndi malire ake, ndipo ovina anawadziwa msanga. Makampani aakulu ataona kuti nyimbo zofukulidwazi zikulowa pa mndandanda wa zogulidwa kwambiri, monga "There's a Ghost in My House" ya R. Dean Taylor, ya mu 1967, imene inafika pa nambala 3 mu 1974, anafuna kudzipangira zawo. Cha mu 1975 kampani ya Pye inatenga "Footsee," kanyimbo ka gulu la ku Canada lotchedwa Chosen Few, n'kukathamangitsa, n'kuthiramo phokoso la chikhamu ndi mahutala, gululo n'kulitcha Wigan's Chosen Few. Inagulidwa ndithu, inalowa m'gulu la 10 zapamwamba, ovina anaoneka pa pulogalamu ya pa kanema ya Top of the Pops. Koma kwa ambiri a mchezo inali nthabwala yochititsa manyazi. Zigawo zonse zinalipo, liwiro, kuomba m'manja, dzina lobwereka, koma munalibe munthu m'katimo amene ankaimba ngati moyo wake wonse wapachikika pa mphindi 2 zimenezo.

Ku Highland Room, chipinda cha pamwamba ku Blackpool Mecca, a DJ Ian Levine ndi Colin Curtis anatenga njira ina. Anaona kuti chitsime cha m'ma 1960 chili ndi pothera. Levine anamva pa wailesi ku Miami nyimbo ya Carstairs, "It Really Hurts Me Girl," ya mu 1973, imene inasowa m'masitolo itangotuluka. Yosowa inali yosowa, koma kayendedwe kake kanali kena: kofewa, kotsetsereka, kosaponda onse anayi mwankhanza. Atayamba kuiliza, mapazi anayenera kuphunzira kuyenda kwina, ndipo gulu linagawanika pakati, a Mecca ndi a Casino, mkangano umene achikulire ena sanaumalize mpaka lero. Levine anatsata msewu umenewo mpaka ku disco, kenako ku kalabu ya Heaven ku London ndi nyimbo za hi-NRG.

Nayo "Tainted Love" sinaime pa Wigan. Dave Ball, amene anakulira ku Blackpool akumva nyimbozi, anakumana ndi Marc Almond ku Leeds Polytechnic, n'kupanga gulu la anthu awiri la Soft Cell. Mu 1981 anaitenga, anaichedwetsa, anachotsa malipenga ndi magitala onse n'kuika makina. Chimene anasunga ndi timikwingwirima tiwiri tija, tsopano tikulira ngati belu la makina, kozizira. Jones ankaimba ngati munthu amene wanyamula kale katundu wake ali pakhomo. Almond akumveka ngati amene akunena kuti achoka koma sachoka. Inafika pa nambala 1 ku Britain ndipo ku America inakhala masabata 43 pa Billboard Hot 100. Kuseri kwa mbale anaikako nyimbo inanso yobwereka, ya Supremes, choncho ndalama za wopeka zinawadutsa mbali zonse ziwiri. Mu 2006 Rihanna anamanga "SOS" pa zoimbira za Soft Cell, ndipo mwana amene anavina imeneyo ankaomba m'manja pa kampata kamene Ed Cobb anasiya zaka 40 m'mbuyomo. Chimodzimodzi gitala wa "The Rockafeller Skank" ya Fatboy Slim, ya mu 1998: anadulidwa ku "Sliced Tomatoes" ya Just Brothers a ku Detroit, mbale yopanda mawu imene mabwalo a kumpoto anaisunga yamoyo.

Pa zonse zimene a DJ a ku Wigan anapanga, chimene ndimachiona ngati chopeka chawochawo ndi mathero a usiku. Chinakhala chizolowezi kuti nyimbo 3 zomaliza 8 koloko isanakwane zikhale zomwezomwezo: "Time Will Pass You By" ya Tobi Legend, "Long After Tonight Is All Over" ya Jimmy Radcliffe, ndi "I'm On My Way" ya Dean Parrish. Oimba atatuwa sanapangane, anajambula m'makampani osiyana pa zaka zosiyana, ndipo iliyonse payokha ndi nkhani ina. Koma kuziika pamodzi, pa ola limenelo, kwa anthu amene avina maola 6 ndipo Lolemba abwerera ku fakitale, zinasanduka nyimbo imodzi yaitali yonena za nthawi, kutsanzikana ndi ulendo. Ziwiri zoyambazo n'zodekha kusiyana ndi zimene zalira usiku wonse, zopatsa miyendo mpata. Yomalizayo imayamba ndi gitala waukali wokanda m'makutu, kudzutsa aliyense komaliza. Parrish, mnyamata wa ku Brooklyn wa makolo ochokera ku Italy, anali atabwerera ku dzina lake lobadwa nalo, ndipo kwa zaka zambiri sankadziwa kuti mawu ake ndiwo amatseka mchezo ku Wigan sabata ndi sabata.

Singano ikanyamuka, magetsi ankayaka. Pansi pali mbuu ndi paudala amene ena ankawaza kuti nsapato ziziterera, kudenga kukudontha nthunzi ya thukuta yosakanikirana ndi utsi wa fodya. Anthu ankatola zikwama zawo zosokedwa mabaji a chibakera, kuvula malaya onyowa n'kuvala ena. Ena ankatsikira ku dziwe losambirako la tauniyo kukasamba ndi kumwa tiyi, ena ku siteshoni kukadikira sitima yoyamba ya Lamulungu. Mchezo womaliza unachitika mu December 1981, ndipo chaka chotsatira nyumbayo inapsa ndi moto. Pamalopo lero pali masitolo a Grand Arcade.